Wotseka Njira Sapezeka pa Ngozi

(Gawo loyamba la nkhani za makhalidwe athu a pamsewu)

M'kalasi imene ndimaphunzitsa sayansi kuno ku Namitete mudali desiki imodzi imene idakhala yopanda mwini teremu yonse yachitatu ya chaka chatha. Mwini wakeyo adali mnyamata wa Fomu 4, wofatsa ndi wakhama pa masamu, amene m'maŵa uliwonse ankapalasa njinga kuchokera kumudzi kwawo motsata msewu waukulu wa pakati pa Mchinji ndi Lilongwe. Tsiku lina, nyengo yogulitsa fodya itangoyamba, mnyamatayo sadaoneke pa asembule. Dzuŵa lisanafike pamutu tidalandira uthenga woti ali gone kuchipatala cha St Gabriel's, fupa la ntchafu litathyoka. Anzake adalemba mayeso a MSCE iye ali chigonere, mwendo ataupachika.

Anthu amene adaona ngoziyo ndi maso adatifotokozera motere. Lole yodzaza ndi mabelo a fodya inkakwaŵa kuloŵera ku Lilongwe, matayala ake a kumanja ali tsidya lina la mzere woyera wa pakati pa msewu. Pambuyo pake padali galimoto yaing'ono imene idayesa kangapo konse kuipitirira, koma loleyo siidasendere kumanzere ngakhale pang'ono. Wa galimoto yaing'onoyo adaliza hutala, adathwanimitsa nyali, koma osaphula kanthu. Atapsa mtima adaona mpata kumanzere, pakati pa lole ndi m'mphepete mwa tala, ndipo adadziponya momwemo. Mumpatamo ndi mmene mudali mwana wathu ndi njinga yake.

Wa galimoto yaing'onoyo adagwidwa, ndipo palibe amene angamuikire kumbuyo, pakuti kupitirira mnzako cha kumanzere pa msewu wotere ndi kuseŵera ndi miyoyo ya anthu. Koma nanga wa lole uja? Iye adapitiriza ulendo wake, nakatsitsa fodya ku Kanengo, nabwerera kwawo mtima uli m'malo. Sadagunde munthu, sadathamangitse galimoto, ndipo dzina lake silidalembedwe m'buku lililonse la milandu. Mwina mpaka lero sadziŵa n'komwe kuti pambuyo pake padatsala mwana ali thapsa m'fumbi. Nkhani yanga lero, aŵerengi, ili pa munthu ameneyu: woyendetsa galimoto amene amatseka njira, nachititsa ngozi imene iye mwini sapezekapo.

MSEWU WATHU

Amene sadafikeko kuno ayenera kudziŵa kuti msewu umenewu, umene pa mapu umatchedwa M12, ndiwo mtsempha wa dera lathu lonse. Umachoka mumzinda wa Lilongwe, kudzera pa Chitedze, Mpingu ndi Msundwe, kufika kuno ku Namitete, ndi kupitirira pa Kamwendo ndi pa boma la Mchinji mpaka kumalire a Mwami, kumene umaloŵera ku Chipata m'dziko la Zambia. Mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko aŵiriŵa adatsekulira kumalireko malo atsopano pamene apaulendo amaonetsa zikalata zawo kamodzi kokha, pofuna kuti anthu ndi katundu aziyenda msanga.

Koma msewu umene udasenzetsedwa udindo waukulu chotere uli ndi tinjira tiŵiri tokha, kena kopita, kena kobwera. M'tinjira tiŵiriti mumadzera mathiraki a ngolo zazitali, mathankala a mafuta, mabasi, maminibasi, ngolo za ng'ombe zonyamula chimanga, njinga zosenza matumba a makala, anyamata a kabaza, amayi opita kuchigayo, mbuzi, ndiponso ana a sukulu. Aliyense mwa ameneŵa ali ndi kayendedwe kake. Ng'ombe siingathamange ngati basi, ndipo basi siingatsatire ng'ombe tsiku lonse. Choncho mtendere wonse wa msewu wotere wagona pa chinthu chimodzi, ndicho kupatsana mpata. Wochedwa asendere kumanzere. Wofulumira apitirire cha kumanja pamene kutsogolo kuli poyera, ndipo akatero abwerere kumanzere kwake.

Makolo athu ankaudziŵa mwambo umenewu galimoto zisanabwere. Pa kanjira kopita kuchitsime, wopanda katundu ndiye ankapatukira wosenza mtsuko. Mwana ankapatukira wamkulu. Ndipo ukakumana ndi maliro unkaima pambali mpaka onse adutse. Munthu woyenda pakati pa njira ngati akupita kumunda kwa atate wake ankatchedwa wopanda mwambo. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene amapatukira nkhalamba pa kanjira ka kumudzi, akangogwira chiwongolero amaiŵala zonsezi, ngati kuti ulemu adausiya pansi pokwera galimoto.

TINJIRA TACHULUKA, MWAMBO SUDACHULUKE

Alipo ena amene amati mankhwala a vutoli ndi kukuza msewu. Zoonadi msewu wathu ukufunika kukuzidwa, koma amene akuganiza kuti tala yekha angachize matenda ameneŵa apite ku Lilongwe akadzionere yekha. Mu 2020 adatsekulira ku Area 18 misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, yoyamba ya mtundu wake m'dziko muno. Mu 2021 idayambika ntchito yokuza msewu wa Mzimba ndi wa Kenyatta, umene tsopano ukutchedwa dzina la malemu Dr Saulos Chilima, kuti yonse ikhale ya tinjira titatu mbali iyi ndi titatu mbali inayo. Msewu wa M1, kuchokera pa Crossroads kukafika ku Kanengo, nawonso udakuzidwa ndi chithandizo cha boma la China. Anzathu a ku Blantyre ndiye adayamba kale kuyenda pa msewu wa Masauko Chipembere, wa tinjira tiŵiri mbali iliyonse.

Tinjira timeneti madalaivala amatitcha maleni, ndipo tanthauzo lake silovuta kulimva. M'dziko limene galimoto zimayenda kumanzere, monga lathu lino, leni ya kumanzere ndiyo kwanu. Leni ya pakati ndi ya kumanja zili ngati khasu la mnansi: umabwereka pamene ukufuna kupitirira mnzako kapena pamene ukukakhota kumanja patsogolo pompo, ndipo ntchito ikatha umabweza. Wobwereka khasu n'kuligoneka m'nyumba mwake mwezi wathunthu samatchedwa wakuba, komabe mnansi wake munda umamulalira.

Loŵeruka lina ndili mu minibasi pa umodzi mwa misewu yatsopanoyi ndidaona izi. Leni ya kumanzere idali mbee, yopanda galimoto ndi imodzi yomwe. Mu leni ya pakati munkakwaŵa kagalimoto kodzaza ndi kabichi. Mu leni ya kumanja mudali galimoto yonyezimira, mwini wake foni ili kukhutu, akuyenda mofanana ndendende ndi wa kabichi uja, ngati ng'ombe ziŵiri za pagoli limodzi. Pambuyo pawo padandandalika mzere wa galimoto, ndipo posakhalitsa aliyense adayamba kudzifunira njira: uyu kuloŵera kumanzere, uyo kudula kutsogolo kwa mnzake, winayo kumamatira kumbuyo kwa wa foni uja, mpata wake wosakwana ndi mkono womwe. Anthu aŵiri okha, osathamanga ndi pang'ono pomwe, adasandutsa msewu wodya ndalama zankhaninkhani kukhala kanjira ka kudimba, nasandutsanso madalaivala khumi ofatsa kukhala zilombo.

Amene amavutika koposa pa chipwirikiti chotere ndi munthu wapansi. Mayi amene akuoloka tinjira titatu, mwana ali kumsana, amayang'ana galimoto zimene akuziona nayerekeza kuti aoloka bwino. Sadziŵa kuti kuseri kwa galimoto yochedwa ija kukutuluka ina mwaliŵiro, kuchokera mbali imene iye sakuyembekezera. Mwana wathu wa Fomu 4 adapwetekedwa ndi chinthu chomwechi, kungoti iye zidamuonekera pa msewu wopapatiza.

MAU A ATSIBWENI

Nkhaniyi ndidakaitula kwa atsibweni anga ku Nsaru, amene adayendetsa lole zaka zambiri pakati pa Johannesburg ndi Durban asanapume pa ntchito. Adandimvetsera mpaka ndidatsiriza, kenaka adapukusa mutu.

"Mphwanga," adatero, "iwe ndiwe mphunzitsi, tandiuza. Mwana amene sadaonepo nyanja ungamukalipire kuti sadziŵa kusambira? Madalaivala athuŵa adaphunzirira pa msewu wa leni imodzi. Ambiri adayamba ali makondakitala, ena ali anyamata otsuka galimoto. Lero angodzuka apeza maleni atatu. Adaŵauza ndani kuti iyi ndi ya chakuti, iyo ndi ya chakuti?"

Ine ndidati, "Komatu atsibweni, lamulo lilipo, ndipo kusadziŵa lamulo sikupulumutsa munthu ku mlandu."

"Lilipodi, m'buku," adayankha. "Ku Joni, pa msewu wa N3, zikwangwani zimakukumbutsa kuti uziyenda kumanzere ndi kupitirira cha kumanja, ndipo lole ikakakamira leni ya kumanja pa chitunda, mahutala a anzako okha amakuchititsa manyazi. Kuno ukati usendere kumanzere upeza minibasi yaima pomwepo ikukweza anthu, upeza wa kabaza, upeza wogulitsa tomato wayala malonda ake m'mphepete. Ndiye munthu amangoti bola ndikhale pakati. Ndipo pa msewu wanu wa ku Namitetewu, malo ena m'mphepete mwa tala mudadyeka ngati mphasa yakale. Wa lole yolemera amaopa kuti tayala likatsikira kunsi, katundu yense apendama."

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mau a atsibweniŵa ndidaŵasunga. Ndi zoona kuti si onse otseka njira amene amatero mwa mwano. Ena ndi umbuli, ena ndi mantha. Koma chifukwa choloŵera pakati kwa kamphindi si chifukwa chokhazikikapo. Dzenje ukalizemba umabwerera kwanu. Ndipo galimoto iliyonse ili ndi magalasi oonera kumbuyo. Dalaivala amene wayenda makilomita asanu osaona kuti pambuyo pake pali mzere wa anzake ndiye kuti sayang'ana pagalasi, ndipo wosayang'ana pagalasi sayenera kukhala pa chiwongolero. Ngati adaona koma osalabadira, mlandu wake ndiye waukulu koposa.

Palinso chodzikanira china chimene ndimachimva kaŵirikaŵiri, makamaka kwa anzanga ophunzira. Iwo amati, "Ine ndikuyenda pa liŵiro lololedwa, wofuna kundipitirira ndiye wolakwa." Kwa otereŵa ndikuti ntchito yogwira othamanga idapatsidwa kwa apolisi, osati kwa inu. Simudziŵa amene ali pambuyo panu. Mwina ndi wopupuluma chabe, koma mwinanso ndi bambo amene wanyamula mkazi wake wapakati, amene achipatala cha kumudzi amutumiza mwamsanga ku Kamuzu Central Hospital. Wodziika yekha kukhala chitseko cha msewu sachepetsa ngozi. Amangoisunthira kwa wina.

TIŴERENGE MASAMU

Popeza ndine mphunzitsi, ndiloleni ndiike nkhaniyi pa bolodi monga ndimachitira ndi ana anga. Tiyerekeze kuti thiraki yotalika mamita 20 ikuyenda makilomita 60 pa ola, ndipo inu mukufuna kuipitirira pa makilomita 80 pa ola. Mukaphatikiza kutalika kwa thiraki, kutalika kwa galimoto yanu, ndi mpata wa mamita 20 umene muyenera kusiya kumbuyo ndi kutsogolo kwake, mupeza kuti muyenera kuiposa ndi mamita 65. Popeza mukuiposa ndi makilomita 20 okha pa ola, zimenezi zikutengerani masekondi pafupifupi 12. M'masekondi 12 amenewo galimoto yanu iyenda mamita oposa 260 ili mbali ya eni ake, ndipo galimoto yochokera kutsogolo pa liŵiro longa lanu iyendanso mamita omwewo kubwera kwa inu. Ndiye kuti musanayambe kupitirira muyenera kuona msewu woyera kopitirira theka la kilomita.

Tsono taganizani za dalaivala wa thiraki amene, poona kuti mukumupitirira, aponda mafuta kufika pa makilomita 70 pa ola chifukwa chosafuna kugonja. Masekondi 12 aja asanduka oposa 20, ndipo theka la kilomita lija lisanduka kilomita yathunthu. Taganizaninso za amene waponda mzere wa pakati: iye wakutsekerani maso, chifukwa kuti muone kutsogolo muyenera kutulutsa galimoto yonse kumanja. Kusendera kwake kumanzere ndi mita imodzi yokha kukadakupatsani maso ndi mpata womwe.

Sindikunena izi pofuna kulimbikitsa liŵiro, ai. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadya mamita 28 pa sekondi iliyonse, kotero kuti bwalo la mpira imalimaliza masekondi anayi asanakwane. Liŵiro likaŵirikizidwa kaŵiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atapondedwa umaŵirikizidwa kanayi. Kuthamanga sikufika, monga amanenera akuluakulu. Chimene ndikunena n'chakuti wothamanga ndi wotseka njira ndi mapasa. Wina amadyetsa mnzake, ndipo amene amalipira ndi wa njinga.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Lidanenanso kuti palibe chimene chimapha ana ndi achinyamata a zaka za pakati pa 5 ndi 29 kuposa ngozi zimenezi. Msinkhu umenewu ndiwo umene ine ndimauona m'kalasi tsiku ndi tsiku. Mu lipoti la 2015 bungwe lomweli lidayerekeza kuti m'Malaŵi munkafa anthu 35 pa anthu 100,000 alionse pa chaka, ndipo ndi maiko aŵiri okha amene adatiposa pa dziko lonse. Dziko la galimoto zoŵerengeka ngati lathu silidayenere kupezeka pa malo otere.

ANZATHU ADATANI?

Vuto la otseka njira si lathu lokha. Dziko la Britain, kumene galimoto zimayenda kumanzere ngati kuno, lidatsekulira msewu wake woyamba wa galimoto zothamanga zokhazokha mu 1958 pafupi ndi mzinda wa Preston. Buku lawo la malamulo a pamsewu limanena poyera kuti munthu aziyenda mu leni ya kumanzere pokhapokha ngati akupitirira mnzake. Komabe kwa zaka zambirimbiri anthu okakamira leni ya pakati adali dandaulo la aliyense, ndipo sankalangidwa kaŵirikaŵiri chifukwa mlandu wotere unkayenera kukafika kubwalo la milandu, zimene zinkadyera apolisi nthaŵi yochuluka.

Mu Ogasiti 2013 boma la kumeneko lidapatsa apolisi mphamvu yolanga pomwepo anthu oyendetsa mosasamala, kuphatikizapo okakamira leni ya pakati ndi omamatira kumbuyo kwa anzawo. Chilango chake chidali chindapusa cha mapaundi 100 ndi mapointi 3 olembedwa pa laisensi. Mu 2015 bwalo la milandu la mumzinda wa Leeds lidalipiritsa munthu wina ndalama zofika pafupifupi mapaundi 1,000 ndi kumulembera mapointi 5 chifukwa chokakamira leni ya pakati pa msewu wa M62.

Mbola ya chilangochi siili pa ndalama koma pa mapointi. Kumeneko munthu akafikitsa mapointi 12 m'zaka zitatu, kaŵirikaŵiri amaletsedwa kuyendetsa galimoto kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amene wangolandira kumene laisensi, akafikitsa mapointi 6 zaka ziŵiri zisanathe, laisensiyo imafafanizidwa ndipo ayenera kukayesedwanso mayeso. Anzathuwo adazindikiranso mfundo ya atsibweni ija, yakuti munthu sangadziŵe chimene sadaphunzitsidwe: kuyambira mu 2018 ophunzira kuyendetsa amaloledwa kuloŵa m'misewu ikuluikuluyo ali ndi mphunzitsi wovomerezeka, pamene kale ankakaiona koyamba ali okha, laisensi ili kale m'thumba.

Dziko la South Africa nalo lidakhazikitsa lamulo la mapointi lotchedwa AARTO mu 1998, koma padapita zaka 25 dongosolo la mapointilo lisanayambe kugwira ntchito m'dziko lonselo. Apa pali phunziro lina: lamulo lokhala m'kabati silipatutsa lole.

NANGA IFE TITANI?

Lamulo lathu la pamsewu la 1997 silidaiŵale nkhaniyi. Limalamula kuyenda kumanzere ndi kupitirira cha kumanja. Limauza amene akupitiriridwa kuti asendere kumanzere ndipo asaonjezere liŵiro. Ndiponso limatchula mlandu woyendetsa galimoto mosasamala ndi mosaganizira ena. Choncho chosoŵa si lamulo. Ine ndikuona zinthu zinayi zimene zikadatithandiza.

Choyamba ndi kuphunzitsa. Mmera m'poyamba. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto zizitengera ophunzira awo m'misewu ya maleni ambiri, ndipo woyesa mayeso asapereke laisensi kwa munthu amene sadamuone akusintha leni, akuyang'ana pagalasi ndi kubwerera kumanzere. Kwa amene ali nayo kale laisensi, wailesi ilipo, ndipo zikwangwani za m'Chicheŵa zonena kuti "Yendani kumanzere" sizingadye ndalama zofanana ndi mita imodzi ya tala.

Chachiŵiri ndi kukonza kumanzereko kuti kukhale koyendeka. Sitingauze munthu kuti abwerere kwawo pamene kwawoko kuli msika. Maminibasi akhale ndi malo okwanira oimapo kunja kwa leni, ndipo woima pakati pa njira alangidwe chimodzimodzi ndi wotseka leni ya kumanja. Pa msewu wathu wa M12, m'mphepete mukonzedwe ndi kuthiridwa tala kuti anjinga ndi oyenda pansi akhale ndi pawo, ndipo pakhale malo apo ndi apo pamene lole yochedwa ingapatukire kuti anzake adutse.

Chachitatu ndi kayang'aniridwe. Ntchito yambiri ya apolisi a pamsewu imachitikira pa malo amodzi: amaimitsa galimoto, naona laisensi, inshuwalansi, matayala ndi chiŵerengero cha okwera, ndipo pena amatchera makina oyezera liŵiro. Zonsezi n'zofunika. Koma wotseka njira amadutsa pamenepo akumwetulira, pakuti mapepala ake ali bwino ndipo liŵiro alibe. Mlandu wake umaoneka galimoto ikuyenda, choncho ungagwidwe ndi wapolisi amene nayenso akuyenda mumsewumo, kapena ndi makamera oikidwa m'misewu yatsopano ija.

Chachinayi, chimene ndi chachikulu pa zonse, chilango chizitsata laisensi, osati thumba lokha. Chindapusa chokha chili ngati mtengo wa malonda. Wolemera amalipira osacheuka, maŵa n'kubwerezanso. Wa minibasi amachiŵerengera pamodzi ndi mafuta ngati zoonongeka za tsikulo. Wosauka yekha ndiye amamva kuŵaŵa, ndipo nayenso chimene amaphunzira ndi kuzemba apolisi, osati kuyendetsa bwino. Koma mapointi sasankha nkhope. Bwana wa galimoto yonyezimira ndi mnyamata wa kabichi onse ali ndi laisensi imodziimodzi, ndipo onse amaopa kuitaya. Maina a madalaivala ali kale m'makompyuta a MalTIS ku nthambi ya boma yoona za pamsewu. Cholakwa cha pa Msundwe chikhoza kulembedwa momwemo n'kukapezeka ndi wapolisi wa ku Karonga kapena ku Nsanje.

Ndikudziŵa chimene ena anene: kuti chilango chikakula, ndalama yopindira m'kati mwa laisensi nayonso imakula. Nkhaŵa imeneyi ndi yoona, ndipo tisaibise. N'chifukwa chake dongosolo lotere liyenera kuyenda ndi umboni wooneka monga chithunzi, malipiro odzera kubanki kapena pa foni okhala ndi risiti, ndiponso ufulu wa woimbidwa mlandu wokadandaula kubwalo. Ndipo tisaiŵale kuti chiphuphu chimafuna manja aŵiri. Ife okwera, amene timakuwiza dalaivala kuti "ingoŵapatsani ya fanta tizipita", tili ndi gawo lathu pa maliro a pamsewu.

Mnyamata uja adabwerera kusukulu chaka chatsopano chitayamba, ndipo akubwereza Fomu 4. Amayenda motsimphina pang'ono. Njinga adaisiya, bambo ake adamupezera malo ogona kwa achibale pafupi ndi sukulu, zimene zaŵadyera matumba a chimanga amene sadaŵaŵerengere. Tsiku limene ndinkaphunzitsa masamu a kupitirira aja, iye ndiye adayamba kupeza yankho. Anzake ataomba m'manja adakweza mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga wa lole akadangosendera mita imodzi, ineyo ndikadakhala kuti lero?" Ndidamuyankha zoona: akadakhala akudikira kuitanidwa kukoleji pamodzi ndi anzake.

Inu amene muli ndi laisensi m'thumba, kaya mumayendetsa thiraki, minibasi kapena galimoto ya banja, maŵa mukaloŵa mumsewu tayang'anani pagalasi. Mukaona mzere pambuyo panu pamene kutsogolo kwanu kuli mbee, dziŵani kuti vuto la msewu umenewo ndinu. Senderani kumanzere. Palibe amene adzakuthokozeni, ndipo mwana amene mwamupulumutsa simudzamudziŵa dzina, monganso wa lole uja sadziŵa dzina la amene adamupundula. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ndipo m'mphepete mwa msewumo mukuyendanso ana anu.

Sabata ya maŵa tidzaona za njinga zamoto za kabaza, ndi chifukwa chake anyamata athu ambiri akuziyendetsa osaphunzira.